Dzanja M'mwamba

Zaka khumi ndi zisanu ndikudula nzimbe ku Nchalo,
chikwanje sichinandilaweko.
Koma Lamulungu lapitali, pakhonde panga pomwe,
kampeni kadzimbiri kosendera mbatata
kanandidya chala chachikulu
ndikusendera Zuze mfundo imodzi yokha.

Magazi a mu Okutobala sachedwa.
Anadonthera pa simenti yotentha
n'kuuma ndikuona, ngati matambala akale.
Zuze anataya nzimbe, nayamba kulira m'malo mwanga.

Ndinaitanitsa palafini.
Ndiwo mankhwala amene ndinakula nawo:
palafini, fodya wam'mphuno, dothi la pachulu,
tsiku lina madzi a m'batire la a Fombe,
chipsera chake ndi ichi pamsongolo,
chonyezimira ngati mamba a makakana.

M'malo mwa botolo munatuluka Joakina,
wa sitandade seveni, manja ali thovu lokhalokha.
Wayamba wasamba m'manja, ine ndikukha magazi!
"Palafini ndi wa nyale, ababa."
Anapinda kansalu kochapa, nakanikiza pabala,
nandigwira chigongono:
"Kwezani, lipitirire mtima."

Ndinakhala choncho, bambo wa ana anayi,
dzanja m'mwamba ngati mwana wodziwa yankho m'kalasi,
chikhalirecho yankho ndinalibe.
Ndikati ndisuzumire, iye ayi,
mukavundukula liyambiranso.
Wotchi tilibe.
Tinawerengera ngolo ya ng'ombe
kuchoka pamlambe mpaka kukazimirira kuseri kwa chigayo,
ng'ombe zake zaulesi ndi dzuwa.

Mayi Nsingano anatulutsa mutu pampanda:
"Thiranipo shuga! Ku Nchalo kuno shuga angasowe?"
Mwana sanatembenuke n'komwe.
"Zikomo amayi, tisungira tiyi."

Magazi ataleka anatunga mumtsuko,
madzi owiritsa, akumwa,
amene m'nyumba muno timayeza ndi kapu.
Anatsanulira pang'onopang'ono, osaumira,
sopo akuzungulira m'mbali mwa bala,
maso ali pafupi, kufunafuna kachitsotso.
Ndinaluma mano. Mbuzi inandiyang'ana.

Kenaka chitini cha mabisiketi, chomwe ndinkayesa cha mabatani.
M'katimo bandeji, pulasitala, kasizasi, mapini awiri.
"Wazitenga kuti?"
"Masau aja ndinkagulitsa pasukulu."
Ndinkayesa amathera zitumbuwa.

Anamanga, osathinitsa,
natsina chikhadabo kuti aone ngati magazi akubwerera.
Ndiye anandiwerengera milandu:
likatupa, likatentha, likatuluka mafinya,
mzere wofiira ukayamba kukwera mkono,
ku chipatala, osadikira malipiro.
Ndipo mawa lomweli jekeseni wa kafumbata,
mpeni uja wagona m'fumbi la kukhola.

Ndinati mawa ndi ntchito,
kapitawo sadziwa kafumbata.
Anangondiyang'ana.
Maso amenewo ndinawaona komaliza kwa mayi ake,
chaka cha madzi osefukira, ku Bangula,
pamene ndinkakana kusiya mbuzi n'kukwera bwato.

Usiku tinagona panja, m'nyumba muli ng'anjo.
Chala chinkagunda ngati kang'oma ka kutsidya kwa Shire.
M'neti ndinapapasa thupi langa mumdima,
kuwerenga zipsera:
cha minga ya mtete, cha waya, cha mbedza, cha batire,
chilichonse chachikulu kuposa bala lomwe linachibala.
Palibe anandiuzapo kuti madzi ndi sopo,
ndi munthu wodekha wogwira dzanja lako,
nthawi zambiri n'zokwanira.

Kutacha ndinapalasa njinga ndi dzanja limodzi ndi theka,
utsi wa minda yotentha uli kumanzere,
anzanga akulowera kumunda ndi zikwanje paphewa.
"Iwe Alufandika, walowera kuti?"
Ndinakweza chala choyera chija m'mwamba.
Anayesa ndikuti zonse zili bwino,
nandikwezera zawo.