Mano Ndi Omwewo

Galu wa abwana anga ku Randburg ali ndi mapepala.
Ine womusambitsa Lachisanu lililonse
pasipoti yanga inatha mphamvu kalekale.
Dzina lake ndi Bisiketi.
Pakhosi anamubaya kachitsulo konga njere ya mpunga,
dokotala akakaunika, kamatchula
dzina la mwini, msewu, nambala ya foni.
Akasochera amamubweza kwawo pa galimoto.
Ndikasochera ine, njira ndi ya ku Lindela.

Masana ndimayenda naye m'paki,
chingwe kumanja, kajumbo kumanzere,
bambo wa ana atatu
kutola zimene galu wasiya zikadali zofunda.
Poyamba manyazi ankandiyabwa m'khosi.
Lero ndimangowerama:
pa kapinga yemweyu ana amagubudukapo.

Madzulo takisi imandilavula ku Diepsloot.
Kuseri kwa chisakasa changa cha malata
kunali Sajeni, galu wa Malizani,
mutu ngati mtondo, makutu odulidwa ndi lumo,
womangidwa ku tayala lothiramo simenti.
Dziko lake lonse linali kabwalo
kamene anakumba yekha ndi zikhadabo.
Malizani ankati galu wokhuta sagwira mbala,
choncho ankamudyetsa modumphitsa masiku,
madzi m'chigubu chodula, dzuwa likawasiya.
Sindinkamutsutsa.
Anamuthyolera kawiri, makina ake osokera anapita,
apolisi anafika Lachitatu
pa mlandu wa Lamulungu.

Loweruka lija mpira wa Tiyanjane unagubuduka.
Dzimbiri linali litadya unyolo mwakachetechete
monga chiswe chimadyera mtanda wa denga.
Sindinena zonse.
Kukuwa kuja sikunatulukebe m'makutu mwanga.
Pafumbi panatsala silipasi imodzi, yofiirira.
Kuchipatala anamusoka tsaya ndi phewa.
Akuyenda, akudya,
koma kagalu kakalira ngakhale kutsidya kwa ngalande
amakakamira chitenje cha mayi ake, mkodzo uli m'miyendo.

Usiku womwewo anthu anabwera ndi njerwa.
Sajeni sanathawe.
Anayenda mozungulira kabwalo kake komweko,
ngati unyolo ukadalipo.
Malizani anali atalumpha kale mpanda.
Akuti ali ku Tembisa.
Akuti wagula wina.

M'takisi wailesi ikukangana yokha:
uyu akuti mtundu wonsewo uthetsedwe,
uyo akuti galu wanga ndi mwana wanga,
boma lisalowe pa geti.
Mayi wina pambali panga akutsonya.
Ine chete, chenji cha anthu chili m'manja.

Lamulo ndimaliopa, musandifunse.
Ndimalidziwa ndi kugogoda kwake,
ndi mmene limayang'anira nkhope yanga
lisanafunse dzina.
Likabwera lidzayamba ndi ife a m'malata,
lidzapempha ya fanta, n'kupita.
Komabe woyendetsa takisi iyi anayesedwa mayeso.
Mfuti saigula ngati tomato.
Nanga nsagwada zothyola fupa la ng'ombe
munthu angozitenga pamsika m'katoni,
popanda womufunsa kuti mpanda uli nawo?
Chakudya chake uchipeza kuti?
Jakisoni wa chiwewe bwanji?
Akaluma, adzaima pabwalo ndani?

Njerwa zathu zinaweruza womangidwa.
Womanga anadzuka m'mawa, n'kumwa tiyi.

Lolemba Bisiketi anandithamangira pa geti,
mchira ukusesa mame.
Ndinagwada, ndinamugwira kukamwa,
ndinakweza mlomo wake ndi chala.
Mano ndi omwewo,
oyera, aatali, ongofanana ndi a Sajeni.
Anandinyambita dzanja.
Ndinamuthirira madzi abwino m'mbale,
ndinayang'ana chingwe chake
kuyambira kokolera mpaka kogwirira,
kawiri,
tisanatuluke kumsewu.