Mtengo wa pa Khoma

Ku Mwansambo mtedza wauma.
Ndinaukumba ndekha, ndinautongola usiku
mpaka zikhadabo kuthetheka.
Matumba khumi ndi anayi ali tsonga pakhonde
ngati alendo odikira basi.

Pa depoti ya boma alemba mtengo ndi choko,
mtengo wokoma, wonona,
koma pachitseko pali loko wadzimbiri
ndipo mavu amanga nyumba pa sikelo.
Mlonda Che Mdoka akuti ndalama zili m'njira.
Zakhala m'njira chiyambire Meyi.
Mtengo wa pakhoma sulipira fizi ya Ndaziona.

Tsono kunabwera Zuwena wa ku Benga
ndi kalole kake kotsokomola,
ndalama atamanga pamfundo ya chitenje.
Tinakangana pansi pa mthethe,
iye kutsitsa, ine kukweza.
Ndinanyamuka kawiri, anandiitana kawiri,
kachitatu tinagwirana chanza.
Pakati pathu panalibe wa yunifolomu.

Koma asanaponde tala, mayiyu amuimitsa katatu.
Chiphaso chogulira, chiphaso chonyamulira,
ndi china chotsimikiza kuti ziwirizo n'zenizeni.
Chidindo chili m'dilowa,
kiyi wa dilowa ali m'thumba la bwana,
bwana ali ku semina ku Senga Bay.
Lole ikagona pachipata masiku atatu
wolipira ndine.
Zuwena salira: amangondidula pa kilo.

Boma, sindikukupirikitsa ayi.
Ndikukufuna pamlatho uja unakokoloka dzinja la dzana,
pamene timawoloka titasenza njinga pamutu.
Ndikukufuna kwa Gwaza,
amene sikelo yake imameza makilo awiri pathumba;
bwera ndi mwala wako woyesera, umuchititse manyazi pagulu.
Ndinakufuna usiku uja mwana atatentha thupi,
namwino alipo, shelefu ili mbee.
Ndikukufuna kukhoti, wondibera akagwidwa.
Ntchito zimenezi zokha n'zokwana kukutulutsa thukuta.

Koma iwe ufunanso kugula mtedza, kugulitsa mbewu,
kundiuza tsiku logulitsa ndi munthu womugulitsa.
Ichi chakoma, ichi chakoma,
suja pusi anagwa chagada?
Manja ako adzaza mafayilo,
fosholo ulibe poigwirira.

Mlamu wanga Chadza, mphunzitsi, akupukusa mutu.
Akuti boma likangotembenuka
mavenda atidya osatafuna.
Mwina. Sindimutsutsa kwenikweni,
chaka chatha anatidyadi:
wogula anali mmodzi, msewu uli zigwembe zokhazokha,
ananena mtengo atapinda manja, tinavomera tikulira.
Chaka chino giredala inadutsa kamodzi kokha,
malole anabwera asanu,
mtengo unakwera wokha popanda choko.
Venda saopa kalata ya ku Lilongwe, mlamu,
amaopa venda mnzake woima pambali pake
atatsegula kale chikwama.

Chadza sanayankhe. Anatola mtedza awiri pamphasa,
kuswa, kutafuna,
nati nkhaniyi tidzaipitiriza Loweruka.

Mawa ndigulitsa khumi ndi awiri.
Awiri ndisunga a mbewu,
pakuti ya makuponi imafika mvula itagwa kale.
Ndikadutsa pa depoti pobwerera
ndimupatsa moni Che Mdoka,
nayenso salandira malipiro mwezi wachitatu uno.
Mtengo uja ukadali pakhoma,
ziro mmodzi ana asukulu anamufufuta ndi chala.
Palibe anadandaula.