Dzanja Lachisanu ndi Chiwiri

Magetsi a ku Mufakose amabwera ngati mbava,
pakati pa usiku, osagogoda.
Ndimadzuka, ndimatsamiritsa foni pa chitini cha shuga,
Mayi Mahnaz n'kutulukira m'kagalasi
dzuwa la ku Toronto likadali paphewa pawo.
Tilipo khumi ndi anayi, aliyense m'kabokosi kake
ngati nkhunda m'khola:
wina ku Lima, wina ku Lahore mwana ali pamiyendo,
ine pakona, pakamwa yasa! netiweki ikatsamwa.

"Burashi yabwino ndi ya ubweya wa mphaka," akutero,
"nsonga yake ikhale tsitsi limodzi."
M'mawa mwake Mai Rudo a kuseri kwa mpanda
anandipeza nditapana mphaka wawo, sizasi m'manja.
Mpaka lero moni wawo ndi wa m'mphuno.

Golide ndilibe.
Ndimasalaza chikutiro cha chokoleti ndi msana wa supuni.
Buluu wa m'mwala wa kwawoko ndilibe,
ndimasungunula wochapira malaya.
Pepala ndimaliviika m'tiyi, likauma
ndimalikhula ndi nsangalabwi ya mu Mukuvisi
mpaka liwale ngati chipumi cha mwana wodzola.

Sabata yachitatu tinafika pa mapulaneti.
Ndinkayembekeza mipira ya m'buku la kusukulu,
koma iwo akuti ojambula akale a ku Perisiya
ankaona anthu kumwambaku.
Nthanda ndi mkazi wofungatira zeze.
Yofiira ija ndi msilikali, lupanga lili bii.
Ina ndi kalaliki, cholembera sachisiya.
Ndiye pali Zohal, ya mphete ija,
yakutali, yoyenda mokoka miyendo:
nkhalamba yakuda, ndevu mbuu,
manja asanu ndi awiri, lililonse ndi chida chake.

Ndinaika burashi pansi.
Mkulu ameneyo ndimamudziwa.
Anachoka ku Dedza wapansi, kudzera ku Tete,
atauza mayi ake kuti zaka ziwiri basi,
ndikagule njinga ndi malata.

Pepala lonse n'lochepa kuposa chikhatho changa,
koma a Kachingwe anakwanamo, ndi jekete yawo yomwe.
Dzanja loyamba ndinawapatsa piki ya ku Arcturus,
mgodi wotchedwa dzina la nyenyezi chikhalirecho ndi dzenje.
Lachiwiri, sizasi yodulira mpanda wa mzungu ku Highlands.
Lina simbi ya makala.
Lina chitupa chodindidwa kuti mlendo,
atakhala kuno mpaka mano kutha.
Lina wailesi, yosakasaka Blantyre m'mkokomo.
Lina ine,
kadontho kokulungidwa m'nsalu,
ndinagwira mpweya pokajambula.

Lomaliza linandikanika.
Masiku anayi lili tambalale, lopanda kanthu,
utoto kuuma m'chivindikiro cha botolo.

Lachisanu ndinakweza pepala pamaso pa foni.
Mayi Mahnaz anavala magalasi, kuyandikira
mpaka diso lawo linadzaza chipinda changa.
"Mizere yako ikunjenjemerabe pa ndevu.
Koma Zohal, ukudziwa, amatha zaka pafupifupi makumi atatu
kuti abwerere pomwe anayambira.
Nanga dzanja ili, wamukonzera chiyani?"

Ndinawerenga chamumtima.
Bambo anazungulira kawiri
ndipo Dedza sanamupeze panjira.
Ali ku Mbudzi, mzere wachisanu ndi chinayi,
kumene makombi amakhwimitsa hutala.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe.
Bandulo inatha.
Nkhope khumi ndi zinayi zinauma, kenaka zii.

Ndinatuluka panja ndi chitenje paphewa.
Jenereta ya kubala inali itagona,
agalu akuyankhana kutsidya kwa njanji.
Pamwamba pa thanki ya a Rudo panali kanyenyezi kachikasu,
kosaphethira.
Sindikudziwa ngati kanali komweko.
Ndinakakwezera dzanja basi,
mmene tinkachitira pa Mbare
basi ya ku Nyamapanda ikamanyamuka ife tikutsala.