Siyenta Ili pa Njerwa

Inafika Lachisanu, yoyera ngati mkanjo wopitira ku mzikiti,
mipando itakutidwa pulasitiki,
m'kati monse fungo la sopo wa mandimu.
Che Mtalika, eni yadi ya kuseri kwa depoti,
anamenya boneti kawiri ndi chikhatho:
"Iyi inali ya nkhalamba ina ku Japani,
ulendo wake unali wa kuchipatala basi."
Tinaseka. Anasaina ndi ine,
poti pepala la malipiro ndi langa,
mphunzitsi wa Sitandade 4 kwa Mpondasi.
Bambo a Shakira chawo ndi laisensi.

Masabata asanu inatidyetsa.
Boma, Namwera, Chiponde, n'kubwerera,
anthu asanu ndi atatu, madengu, njinga pamwamba.
Lachisanu ndi chimodzi, pokwera Chowe,
pa kona paja pamakhala anyani,
inatsokomola,
n'kubwerera m'mbuyo ngati yaiwala kanthu kunyumba,
n'kuti zii.
Okwera anaitanitsa ndalama zawo miyala ili m'manja,
yotchingira matayala, inde,
koma mwala ndi mwala.

Makaniko Wadi anapisa chala m'giyabokosi,
kununkhiza, n'kundionetsa:
oyilo wolimba ngati phula, wosakaniza ndi utuchi.
Kuseri kwa chitseko anapeza kapepala komata, kofwifwa,
ka tsiku losinthira oyilo: makilomita 214,000.
Wotchi ya pa dashibodi ikulumbira kuti 68,000.
"Aphunzitsi, chotserani nokha,
masamu ndi anu."

Che Mtalika anandipatsa mpando ndi chakumwa chozizira,
n'kuloza kamzere konga nyerere
pansi pa tsamba lachinayi:
wagula monga ilili.
Ndinati, ilili yake iti,
ya pa wotchi kapena ya kuseri kwa chitseko?
Foni yawo inalira, anatuluka nayo panja.
Mpaka lero akuyankhabe.

Ku banki, mtsikana amene ndinamugwira dzanja polemba a, e, i
anandiyankha ndi ulemu wonse, maso pa kompyuta:
"Ife tinakongoza ndalama, madamu,
injini sitinagulitse."
Pa 27 paliponse amadula ndisanaone n'komwe.
Ngongole ilibe giyabokosi.
Imakwera Chowe osasintha giya.

Pano Siyenta ili pa njerwa, pansi pa mtengo wa mango,
matayala tinalowetsa kuchipinda kuopa akuba.
Nkhuku ya kwa Abiti Sumani yaikira pa mpando wa dalaivala,
mazira asanu ndi anayi.
Mwezi uno okwera ndi amenewo.

Bambo a Shakira akuti tizisiye, ndi mayesero,
Mulungu akuona.
Akuonadi. Koma malisiti ndinasunga ndine,
m'chitini cha mabisiketi, pansi pa nsalu za ukwati.
Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.
Ndajambula kapepala kaja, ndajambula wotchi,
Wadi walemba umboni wake, chidindo chake ndi chala cha oyilo,
uthenga wa pa foni woti "ilibe vuto olo limodzi" sindinafufute.
Ndalemba kalata zitatu ndi cholembera chofiira chochongera:
kwa Che Mtalika, ku banki,
ndi ku bungwe loona madandaulo a ogula.
Sindikupempha chifundo.
Akonze, asinthe, apo ayi abweze.
Kamzere ka nyerere sikasambitsa bodza.

Yankho silinabwere. Mwina mawa, mwina mvula ikagwa.
Ndadula kale tsiku lokaonekera kukhoti la pa Boma,
nsapato ndapolisha.

Dzulo m'kalasi ndinalemba pa bolodi:
214,000 kuchotsa 68,000.
Anapeza msanga ndi Twaibu, wa kumbuyo, wosowa pensulo uja,
n'kufunsa: "Madamu, zimenezi ndi mbuzi kapena makwacha?"
Ndinati ndi mtunda, mwanawe.
Mtunda umene sindinauyende,
koma ndikuulipira.
Belu linalira. Sindinafufute.