Mfundo ya Wamanzere

Julaye, Lachinayi, mame asanakamuke,
ndinapeza tirigu wanga atagona.
Si kugona kwa mphepo ayi. Mphepo ndimaidziwa,
imagwetsa mwachisawawa ngati chidakwa chogwera mpanda.
Uyu anagona mwaulemu, phesi pa phesi,
ngati tsitsi lopesedwa popita kutchalitchi:
mkombero waukulu ndi ana ake khumi ndi atatu
omka nachepa mpaka kumalire a munda
kumene dothi la Wiltshire limayera ngati choko.

Pofika masana pachipata panali magalimoto okhaokha.
Bambo Cullimore anabwera ndi tindodo tiwiri tamkuwa
nayenda nato monyang'ama, tikupingasana tokha.
Akuti pansi pano pali mphamvu, akuti mano achita dzanzi.
Mayi wina wa ku Norway anagona chagada pakati
nalira. Chimene ankalirira sindinafunse.

Kenako Dokotala Prideaux wa chipewa chobooka,
ndi tepi yoyezera, timatumba, galasi lokulitsira.
Anagwada tsiku lonse osakhulupirira kanthu,
ngakhale tiyi wanga anayamba wamununkhiza kaye.
Anathyola phesi nandionetsa pamfundo pake:
"Likapindika ndi kutentha limatupa apa.
Likapondedwa ndi thabwa limasupuka. Taonani, a Maslen."
Ndinaona. Linali phesi basi,
langa, la ndalama zimene sindidzazionanso.

Awiriwo anakangana mpaka dzuwa kupendeka.
Uyu akuti palibe phazi ndi limodzi lomwe,
uyo akuti mumzere wa thalakitala
munthu angayende usiku wonse osasiya chizindikiro.
Uyu akuti paphiri panaoneka kuwala,
uyo akuti tochi nayonso imawala.
Ine ndinakhomera chitini pachipata: mapaundi atatu polowa.

Onse atapita ndinatsala ndi galu.
Iyeyo ndiye anafukula, osati ophunzira aja:
pakatikati, pansi pa ngala zopiringizana,
kabowo kolowa chala chimodzi
ndi kachidutswa ka chingwe chabuluu chomangira udzu,
mfundo yake yobwerera chammbuyo, ya munthu wamanzere.

Pafamu pano amanzere analipo awiri.
Mmodzi tinamuika m'manda mu Novembala.

Chichokereni kumandako Bryony salankhula nane.
Amadya, amatsuka mbale yake, amakwera kuchipinda.
Usiku umenewo ndinasuzumira kuseri kwa chitseko:
magambuti ake, choko mpaka m'akakolo.
M'khola la nkhosa, thabwa la shelefu ya mayi ake,
lobooledwa uku ndi uku, lobiriwira kunsi.
Pathebulo panali kope la masamu. Sindinalitsegule.
Ndanama. Ndinalitsegula.
Khumi ndi itatu: miyezi imene mayi ake anadwala,
uliwonse wocheperapo pa unzake,
wotsiriza kadontho chabe ka pensulo.

Mawa lake Prideaux anandifunsa ngati ndapeza chilichonse.
Chingwe chinali m'thumba, chikundiotcha ntchafu.
Ndinati galu sanauwe usiku uja. Silinali bodza.
Iye analemba m'buku mwake: ntchito ya anthu,
mwina anayi, akatswiri, ochokera kutali.
Cullimore analemba mawu amodzi: uthenga.
Aliyense anakhoza pang'ono.

Tikolola Ogasiti akalowa, mvula ikatilola.
Ndamuuza woyendetsa makina ayambire kumpoto,
chigawo icho achisiye mpaka tsiku lomaliza.
Dzulo ndinakwera phiri kuti ndiuone wonse,
poti ukaima m'kati umangoona mapesi.
Ndinamupeza ali kale pomwepo, chibwano pamawondo.
Anasendera pang'ono pa udzu, ndinakhala.
Nkhosa zinkadya m'munsimu. Galimoto ina inkachoka.
Patapita nthawi anati, "Wachisanu ndi chiwiri ndi wokhota."
Ndinati sindikuona.
Anati, "Mukuona."