Dzina la Mchere

Pa bolodi ku Ulongwe
aphunzitsi a Fulatira alemba mchere:
kloreto de sodiyo.
Akuti wolanda elekitironi ayambe ndiye kutchulidwa,
dzina lake lidulidwe mchira, alumikizepo -eto;
wopereka, chitsulo chija, adze pambuyo
ngati mkamwini pamaliro a eni mudzi.

Loweruka pamsika wa kumalire
msuweni wanga wa ku Dedza anandiseka:
"Kwathu chitsulo ndiye chimatsogola,
sodiyamu kolorayidi!"
Tinakangana mpaka minibasi inamusiya.

Usiku uno ndawerama pa kope.
Kalisiyo wataya awiri,
kloro mmodzi sangatole onse;
aitane mnzake,
ngongole ithe, pasatsale kanthu.

Kukhitchini amayi akuwaza mchere womwewo
pa kachewere wokazinga,
osaufunsa dzina.