Kuseri kwa Chithunzi

Febuluwale sanathe, mvula ikadali pa zenera,
koma Clive watambasula kale mapu pa tebulo,
wapsinja ngodya ina ndi botolo la jamu,
ina ndi magalasi anga.
Tili ndi sabata imodzi yokha mu Julaye.
Ndalama zake ndi zomwezo.

Norfolk, akutero, chala chili kumtunda.
Suffolk, ndikutero, changa chili m'munsi pang'ono.
Pakati pa zala zathu pakudutsa mtsinje wa Waveney,
kaulusi koti n'kudula ndi mano,
koma takokanapo masiku asanu ndi anayi.

Iye akufuna mchenga woti uyende mpaka mawondo adandaule
madzi usanawapeze.
Akufuna nkhanu za ku Cromer,
ndi akatumbu ogona chagada
ngati mchimwene wake akakhuta pa Khirisimasi.
Ine ndikufuna nsangalabwi zolira kunsi kwa nsapato,
nsomba yowamba yogula pa kanyumba ka matabwa akuda,
minda ya balere yofika mpaka pa mpanda wa tchalitchi,
ndi Dunwich, tauni imene nyanja inameza
n'kulavula kamudzi.
Akuti ndimakonda zinthu zomira.
Ndamuyankha kuti n'chifukwa chake ndinakwatiwa naye.
Waseka mpaka kutsamwa tiyi.

Mwana wathu Imogen pa foni:
Amayi, nyanjatu ndi imodzi yomweyo.
Galu wakana kuvota.

Kukada, Clive amatulutsa mfundo imene sindingaigwetse:
bambo ake.
Kamodzi kokha anapita naye ku nyanja,
fumbi la ku fakitale ya njerwa lisanawatseke chifuwa.
Anapinda thalauza mpaka m'mawondo,
anamukweza pa phewa,
kumbuyo kwawo nsanja yoyera ya nyale yowongolera zombo.
Kunali ku Norfolk, amatero.
Ndikufuna ndikaimenso pomwepo miyendo isanandikane.

Lachitatu, ndikusakasaka pepala la inshulansi ya galimoto
m'chitini cha mabisiketi,
ndachipeza chithunzicho.
Akakolo oyera mbee, kamnyamata kotsinzina ndi dzuwa, nsanja ija.
Ndatembenuza.
Dzanja la apongozi anga, pensulo yozilala:
Southwold, 1961.

Southwold ili ku Suffolk.

Ndawina.
Zaka makumi anayi ndi ziwiri m'banja
sindinawinepo chonchi, umboni uli m'manja.
Ndaima m'khitchini, ketulo yawira, yazima yokha.
Pamwamba akukoka sutikesi pansi pa bedi,
miyezi isanu nthawi isanakwane,
akuimba mluzu wopanda mutu.

Ndikamuonetsa, ndimupatsa gombe lenileni.
Koma nanga lija wakhala akusenza moyo wonse,
limene mchenga wake wakhala ukukula chaka ndi chaka
mpaka kufika ku Norfolk?
Limenelo ndikalisiya kuti?

Ndatenga kanyumba pafupi ndi Loddon.
Kali ku Norfolk, inde, koma kuchita kulendewera m'mphepete.
Agalu amalola.
Mwini wake, Mayi Thurtle, akuti m'mawa kumagwa nkhungu
ndipo ng'ombe zimasuzumira pa geti.
Akuti kunyanja n'kotalikirapo, ndisadzadandaule.
Ndati palibe kanthu.

Clive wauza aneba onse kuti ndagonja.
Wandigulira maluwa a pa filing'i siteshoni,
mtengo wake uli pomwepo.

Chithunzi chili m'chikwama changa, kuseri kwa khadi la basi.
Tidzadya nkhanu zake. Tidzaona akatumbu ake.
Tidzayenda mchengawo mpaka mawondo alire.
Ndiye tsiku lina, mwina Lachinayi,
ndidzati ndalakalaka nsomba ndi tchipisi,
ndidzayendetsa ndine.
Tidzawoloka kaulusi kaja iye akusinza.
Ndidzaimika galimoto poti nsanja yoyera ikuonekera
pamwamba pa madenga,
ndidzatsegulira galu,
ndidzamanga bwino chingwe cha nsapato
ngakhale chisanamasuke,
osanena kanthu.

Ndione ngati mapazi ake adzadziwe.